Kachere wa M'beseni

Randburg, Joni
14 Meyi 2023

Amake Sumaiya,

Kachere wanga asadulidwe. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, moni abwera pambuyo. Ndamva kwa a Fakiri, a thiraki aja amene amatinyamulira katundu, kuti alongo anu a Hamidu ayeza kale malo ndi chingwe. Akuti akufuna kumanga golosale ya kumsewu, ndipo mtengo wanga ndiwo ukhale nkhuni zootchera njerwa zawo. Nkhani yotere ndiimvere kwa dalaivala, inu muli chete?

Tsopano moni. Asalamu aleikumu. Ine ndili bwino, Alhamdulillah, kaya inu ndi Sumaiya ndi zidzukulu. Akundilembera ndi a Tedson, anzanga a ku Dwangwa amene amalondera nyumba za mumsewu uno. Akuti bwanji osangoimba foni. Ndawauza kuti mawu a pafoni amapita ndi mphepo, koma pepala mutha kulipinda, kupita nalo kwa a Hamidu, n'kuwaikira pamwendo. Ine sindinapondemo m'kalasi, koma ndimadziwa cholembera chikadumpha mawu, ndiye akamaliza andiwerengera kawiri.

Zomwe anene alamu angawo ndikuzidziwa. Anena kuti malo ndi a mbumba yawo, ine ndine mkamwini wochokera kwa Malengachanzi, ndipo mkamwini sabzala mtengo pamudzi pa eni. Nyimbo imeneyo ndinaimva chaka chomwe ndinalowa ku Liwaladzi. Malemu amalume anu anandizulitsa mango awiri ndi manja anga. "Mlendo ndi mame," anatero, "ndiye mame abzale mango?" Mukukumbuka zomwe ndinachita. Ndinakadula nthambi ya kachere ku Bua, yonenepa ngati mkono, ndinaisadza masamba onse, ndinaikhoma kumaso kwa nyumba n'kumangirirapo mbuzi. Aliyense wofunsa ndinkati ndi chikhomo. Mvula itagwa, chikhomo chinatulutsa masamba. Amalume anaimapo nthawi yaitali, manja kumbuyo, kenako anati, "Akamwini, chikhomo chanuchi n'chamwano." Anaseka, anachisiya. Mwinimbumba wa nthawi imeneyo anausiya mtengowo. A Hamidu anali akusewerabe m'fumbi.

Mpunga musathamangire kupatsa mavenda mwezi uno, akudziwa kuti aliyense wakolola. Sungani m'matumba, muike pa mitengo kuti usanyowe.

Ntchito yanga yatsopano ndi ya m'munda wa maluwa, kwa mzungu wokalamba amene anatsala yekha m'nyumba yaikulu. Ali ndi timitengo tambirimbiri m'timbale. Ndinachita nato kanthu kena komwe kanatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Ndidzakuuzani, lero mtima suli pamenepo.

Chala changa ndadinda pansipa kuti asanene kuti ndi mawu a a Tedson.

Amuna anu,
Useni


Randburg
25 Juni 2023

Amake Sumaiya,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino ndi ana. Ine ndilipo, kungoti kuno kwazizira moti m'mawa madzi amauma m'paipi, ndipo kachifuwa kaja kabwerera pang'ono. Si kanthu.

Mawu amene Sumaiya anatumiza pa foni ya a Tedson ndawamva. Mukuti tisadane ndi abale chifukwa cha mtengo. Ine sindikudana ndi munthu, ndikungokana. Nyumba ndinamanga ine, koma ndi yanu. Munda ndalima ine, koma ndi wanu. Ana ndi a mbumba yanu. Kwathu kwa Malengachanzi ana a alongo anga anagawana kale minda. Ndiye mundiuze, ku Liwaladzi kuli chiyani chimene munthu angaloze n'kunena kuti ichi ndi cha Useni, kupatula mtengowo?

Ndinalonjeza za timitengo ta abwana. Amatitcha bonsayi. Pakati pake ndinapezapo kachere, ndinamuzindikira ndi masamba komanso utomoni woyera uja. Thunthu lake lokalamba, lamakwinya, koma msinkhu wosafika m'bondo, ali m'kambale kosaya ngati kodyera ndiwo. Ndinamva chisoni. Mumtima ndinati mzungu uyu ndi wankhanza, bwalo lonseli ndi lake koma akumana mtengo dothi. Mu Malichi anagonekedwa kuchipatala milungu itatu. Ndinakumba dzenje kuseri kwa galaja, ndinathiramo manyowa, n'kuutulutsa mtengo m'ndende muja. Pomwe amatuluka kuchipatala unali utaponya nthambi zazitali ngati zikoti. Ndinawagwira dzanja kukawaonetsa, ndikunyadira.

Anakhala pansi pa udzu, munthu woyenda ndi ndodo. Timamvana m'chilapalapa poti anagwirapo ntchito kumigodi.

"Useni, wachita chiyani?"

"Ndaupatsa chakudya, bwana. Unali ndi njala."

"Zaka 31 ndakhala ndikuuphunzitsa kukhala waung'ono. Iwe wauiwalitsa pa milungu itatu."

"Ndiye kuti sukuluyo sunkaikonda," ndinatero.

Anandiyang'ana, ndinaganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Kenako anaseka mpaka kutsokomola. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindinapepese. Mtengo unali ndi njala ndithu.

Manja awo amanjenjemera, sangathenso kugwira sizasi. Ndiye anati popeza wawononga ndiwe, ukonzenso ndiwe. Mtengowo ndinaubwezera m'mbale yake. Masiku ano iwo amaloza ndi ndodo, ine ndimadula. Koma asanandilole kudula kanthu amandikhazika pa mpando kuti ndiuyang'ane kaye mtengowo, mbali zonse, osalankhula. Poyamba ndinkaona ngati n'kutaya nthawi, munthu wamkulu kupenyetsetsa mbale. Pano ndine amene ndimawauza kuti dikirani bwana, sindinamalize kuona.

Za mbuzi ya Idi ndatumiza kale, Sumaiya akatenge. A Hamidu muwapatse mwendo wathunthu, asanene kuti ndawamana nyama chifukwa cha mtengo. Koma kalata yoyamba ija muwaonetse.

Useni


Randburg
20 Ogasiti 2023

Amake Sumaiya,

Asalamu aleikumu. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko. Ine chifuwa chikucheperako chifukwa kwayamba kufunda.

Ndamva kuti a Hamidu njerwa aumba kale, ndiponso kuti kalata yanga anakulungira usipa. Chabwino. Usipa umenewo unadyedwa ndi mawu anga.

Mwezi uno ndi wodula mizu. Timautulutsa mtengo m'mbale, kuupesa mizu ndi kamtengo ngati tsitsi, kudula yaitali, n'kuubwezera m'timiyala tatsopano. Tsiku loyamba ndinakana. Ndinati bwana, nthambi ndidula, koma mizu ndi moyo, dulani nokha. Anandionetsa kuti ukadula muzu waukulu pamatuluka ting'onoting'ono tambiri, ndipo timeneto ndi tomwe timamwa madzi. Ndinadula nditatseka diso limodzi. Palibe umene wafa.

Tili pa ntchito imeneyo ndinafunsa kuti kachere uja anamubzalira kuti. Anati kutali, kunyumba yawo yoyamba, ndipo asamuka naye kanayi. Ndinaika sizasi pansi. A Tedson, lembani bwino apa. Mtengo wosafuna malo a munthu. Akakuthamangitsa umaunyamula pamutu n'kumapita nawo. Amake Sumaiya, azunguwa sakudziwa, koma anapanga mtengo wa mkamwini.

Ndiye mverani. Sumaiya aimirire pa mtondo wosinjira adule nthambi imodzi ya kachere wathu, ya mbali ya kunyanja, pa ija yopindika. Ikhale yonenepa ngati pamkono pomwe pamakhala wotchi, yotalika kuyambira pa chigongono mpaka ku zala, ndipo asiye kanthambi kamodzi kam'mbali. Tengani beseni lachitsulo lobooka lija limene ndinakuletsani kutaya, muwonjezere mabowo ndi msomali. Muthiremo mchenga wamiyalamiyala wa kumtsinje, musakanize ndi dothi lakuda la pansi pa mtengo womwewo. Manyowa ayi, ndikudziwa chomwe ndikunena. Madzi m'mawa mokha, ndipo likhale pamthunzi. Musabise kuseri ngati chinthu chakuba. Muike pakhonde, aliyense wodutsa aone.

Musaganize kuti ndagonja. Wamkuluyo asadulidwe ndithu. Koma msodzi sapita pa nyanja ndi nkhafi imodzi.

Chinthu china. Moyo wanga wonse ndikaona mtengo ndimaona bwato, mpini, mtanda wa denga, nkhuni. Sabata yatha ndinaphonya minibasi chifukwa ndinaima kuyang'ana mtengo wina umene wamera m'mng'alu wa mlatho, mizu itakumbatira simenti ngati zala. Ndinakumbuka mikuyu ya ku Bua, momwe imaweramira pa madzi. Zaka zonse zija ndimadutsa pansi pake ndi bwato, maso ali pa ukonde. Mundiuze ngati apumbwa ayamba kubwera mu kachere, ndiponso ngati mizu yolendewera ija ya kumpoto yafika pansi. Ndinausiya itatsala chikhatho chimodzi.

Ana a abwana anabwera kuchokera kunja, ali ndi mayi wina amene amajambula zipinda zonse, mpaka kanga ka kuseri. Sanandiuze kanthu, inenso sindinafunse.

Useni


Randburg
8 Okutobala 2023

Amake Sumaiya,

Asalamu aleikumu. Ndili moyo.

Chithunzi ndachiona. Ndinawauza a Tedson achikulitse ndi zala, anati bambo musadzivutitse, ndinati kulitsani. Nyumba yathu ikuoneka ngati munthu wometedwa pa maliro. Sumaiya akuti kachere wanga anadula masiku awiri, anthu anayi, ndipo inu masiku onse awiri munali kuchigayo. Mpunga wanji wokonola masiku awiri? Sindikukudzudzulani. Inenso ndikanapita kuchigayo.

Ndamva kuti nthambi ya m'beseni yatulutsa masamba asanu ndi awiri. Ndawerengetsa pa chithunzi, ndi asanu ndi atatu, limodzi labisala kuseri. A Fakiri akupatsani waya wa kopa. Sumaiya akulunge kanthambi kam'mbali kaja mozungulira ngati mmene chimakwerera chilambe, osamanga kwambiri, kenako akapinde pang'onopang'ono kaweramire mbali ya kunyanja monga ankachitira mayi wake. Kwathu amati kuwongola mtengo mpoyamba. Kuno ndaphunzira kuti kuupinda nakonso mpoyamba.

A Hamidu muwauze kuti njerwa zawozo sizipsa.

Useni


Cosmo City
19 Novembala 2023

Amake Sumaiya,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira mutu umene umakuwawani uja wasiya. Ine ndikugona kwa a Tedson masiku ano, a Fakiri akadzabwera adzandipeze kumeneko.

Ndamva zonse, ndipo ndinauza a Tedson abwereze mawu a Sumaiya katatu chifukwa ndimaona ngati makutu akundinamiza. Uvuni wa a Hamidu wafuka utsi masiku atatu, njerwa zatuluka zosapsa, zonyenyeka m'manja. Ndiye akuti ndine. Akuti ndinalosera m'kalata, ndinatumiza waya kuchokera ku Joni, mwana wanga anamanga kamtengo pakhonde kuti amange golosale yawo. Ndiye anabwera ndi anthu masana, ananyamula beseni, anadutsa nalo mumsewu aliyense akuona, n'kukaliponya pamoto.

Kachere wamuwisi sayaka. Ndi madzi ndi utomoni basi. Mayi aliyense wotola nkhuni amadziwa zimenezo, ndi zomwe ndimatanthauza. Munthu wadula mtengo Lachitatu, Loweruka la sabata yotsatira waulowetsa mu uvuni, ndiye akufuna mfiti ya chiyani? Mfiti yake ndi changu chakecho. Ine Useni, amene Ijumaa sindiphonya ngakhale kuno kumene mzikiti uli kutali, lero ndakhala womanga anthu ndi waya? Waya ameneyo abwana amagula m'sitolo, ali ndi lisiti.

Mukuti ndakuchititsani manyazi ndi tizidole tanga, kuti kumjigo amayi amasiya kulankhula mukafika. Zimenezo zandipweteka kuposa beseni. Ine ndili kutali, amene mukuyenda pakati pa maso awo ndinu. Ndikudziwa. Koma kupepesa kumene akufuna a Hamidu sakulandira. Ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti ndinamanga. Muwauze kuti aumitse nkhuni, aotchenso, njerwa zipsa bwinobwino, ndipo ine ndidzakhala ndilibe beseni lililonse pakhonde. Tione adzanena kuti wamasula ndani.

Abwana ana awo anawatenga kupita nawo kunyumba yosungira okalamba. Kumeneko akuti amalola mbale imodzi yokha pawindo. Timitengo tina tonse tinatengedwa ndi anthu a gulu lawo la okonda bonsayi, pa galimoto ziwiri. Ndinakweza ndine, chifukwa anyamata awo amagwira pa thunthu ngati akunyamula nkhuku. Tsiku lonyamuka anandiitana pa galimoto, analoza kachere uja ndinamubzala kuseri kwa galaja.

"Uyu ndi wako. Unamuwononga ndiwe."

"Ndinamudyetsa, bwana."

"Useni, sudzavomera?"

"Ayi, bwana."

Anandipatsanso sizasi. Dzanja lawo limanjenjemera kwambiri moti ndinachita kuligwira ndi manja awiri kuti ndilandire.

Mtengowo uli pa zenera la a Tedson. Iwo akuti akhala ndi alendo awiri, wina amamwa madzi okha, wina amatsutsa chilichonse. Lembani momwemo, a Tedson, sindikuopa.

Mwezi uno zotumiza zichepa. Maganyu a m'minda alipo, kungoti mabasi akwera. Feteleza wa ku dimba mugule theka.

Useni


Cosmo City
14 Januwale 2024

Amake Sumaiya,

Asalamu aleikumu. Ndamva kuti mvula ikugwa bwino ndipo mpunga mwaoka. Ine ndinapita kuchipatala za chifuwa chija. Anandijambula, ananena zinthu zingapo zomwe ndidzakuuzani titakhala pakhonde, osati kudzera m'cholembera cha munthu wina. Maganyu ndasiya. Ndibwera ndi a Fakiri Ramazani isanayambe, ndipo chikwama ndibweretsa chonse.

Sumaiya wandiululira. Akuti chitsa chaphuka, mphukira zoposa khumi, zina zafika m'chiuno. Akutinso miyezi yonse yotentha ija, mvula isanagwe, madzi otsukira mbale mumakataya pa chitsa pomwepo, pamene dzala lili kuseri kwa nyumba. Inu amene mumati tisadane ndi abale chifukwa cha mtengo. Sindinena zambiri, a Tedson akundiyang'ana.

Wa abwana uja sindibwera naye. A Fakiri akuti pa malire salola dothi kapena chomera, amalanda n'kutaya. Ndinati ndimubisa m'chikwama, anati masiku anayi m'thiraki, mu kutentha kwa ku Tete, ndidzafika ndi nkhuni. Ndiye atsala ndi a Tedson. Ndakhala ndikuwaphunzitsa. Amathira madzi ngati akuzimitsa moto, koma aphunzira. Sizasi yokha ndiyo ibwere.

Tsopano ndamva kuti njerwa zachiwiri zapsa, monga ndinanenera, ndipo alamu akufuna kukumba chitsa n'kuchiotcha kuti ayambe maziko mvula ikangodula. Mawu otsatirawa si anu. Sumaiya apite nawo, awawerengere ataimirira, pamaso pa anthu omwe aja anaperekeza beseni.

A Hamidu, alamu anga. Malo ndi anu, sindinakanepo. Mtengo munadula, sungabwerere. Golosale mangani, sopo ndidzagula kwa inu. Koma munanyamula chinthu changa masana n'kunditcha dzina pamaso pa mudzi, ndipo mlongo wanu ndi amene wakhala akulisenza dzinalo kumjigo. Njerwa zanu zapsa popanda wina kumasula kanthu. Inu mukudziwa, iwonso akudziwa.

Sindikufuna mbuzi, sindikufuna bwalo. Khasu lisanakhudze chitsa chimenecho, musankhe mphukira yonenepa kuposa zonse, muidule ndi mpeni wanu. Beseni mupeze ndinu, popeza langa munaotcha. Sumaiya akuonetsani mabowo ndi mchenga wake. Mulinyamule nokha, dzuwa lili pamutu, mudutse njira yomwe ija, mukaliike pakhonde pomwe munalichotsa. Dothi lolowa m'beseni ndi manja anayi okha. Ngati nalonso ndi la mbumba, nenani msanga, nditsikira kwa Malengachanzi ndikatape la kwathu.

Ine masiku odikira mtengo kuti ukule ndilibe, n'chifukwa chake ndasankha waung'ono. Ndikufuna ndikamatsika thiraki ndiupeze utagwira kale. A Hamidu, nolani mpeni, pitani pa chitsa sabata ino.

Useni